ZA KUSUNGA ZIPANGIZO ZA PA BENCI ZIMENE ZIGWIRA NCHITO KAMODZI KAMODZI

Mau amene Mlembi ananena pa msonkhano wa Bungwe. Alembedwa pano kuti Mafumu ndi abale amene sanathe kufika awerenge, ndi kubwera nao maganizo ao pa msonkhano ukudzawo.



Tiyamba ndi kuyamika kuti mwatilola kuimirira pamaso panu, ife amene tiri ana pakati pa akulu. Nchito yathu ndiyo ya colembera ndi pepala, ndipo manja athu sanazolowere puleni monga manja a amisiri amene akhala kumbuyoko. Koma popeza buku la katundu wa Bungwe liri m'manja mwathu, ndipo ndife amene munatituma kukawerenga zimene zatsala m'nyumba yathu yopalira matabwa, tiyenera kunena zimene tinaona ndi maso, ndi zimene amisiri okalamba anatilangiza pamene tinawafunsa. Tikaphonya pena, eni nchito atikonze pamaso pa onse, sitidzakwiya ai.

Tidziwa kuti ena alikunena mumtima mwao, Kodi tayenda mtunda wonsewu kudzamva za zikhomo ndi zopanira? Kodi nkhani za misewu ndi za sukulu zatha? Sizinathe, ndipo zidzanenedwa pa nthawi yace. Koma tipempha kuti mutipirire pang'ono, mumve cimene cinacitika, ndipo mudzaweruza nokha ngati nkhani iyi iri yaing'ono.

1. USIKU WA MALIRO

M'dzinja lapitali mai wina wokalamba, kholo la mmodzi wa abale athu, anatisiya dzuwa litapendeka. Uthenga unafika kwa mmisiri wathu kuli cisisira, kuti bokosi lifunika m'mawa. Matabwa amene analipo anali a paini, opapatiza, a mainci 6 okha m'mimba mwace, kotero kuti panafunika kulumikiza atatu atatu kuti akwane pansi ndi cibvundikiro. Pa nchito yotere pafunika zopanira zazitali, zitsulo zija zokhala ndi mzere wa ziboo ndi sikuluu kunsonga, zimene zimafinya matabwa pamodzi kufikira guluu atagwira. Buku lathu linanena kuti tiri nazo 6.

Ziwiri zinapezeka pansi pa matumba a feteleza amene munthu wina anasungitsa m'nyumbamo, ndipo dzimbiri linali litagwira masikuluu ace kotero kuti amuna awiri analephera kuwapotoza. Cacitatu cinali cabwino, koma kacitsulo kace kotsekera pa ciboo kanali katataika. Anaikapo msomali, ndipo msomali unapindika. Cacinai cinabwerekedwa miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo tinamva pambuyo pace kuti cinali kugwira thabwa la ngolo ya ng'ombe ku mudzi wina. Za ziwiri zotsalazo palibe adziwa kufikira lero.

Mmisiri ndi anyamata ace anayesa kumanga matabwa ndi zingwe, nagwira nchito pa kuunika kwa nyali kufikira tambala woyamba. Koma pomasula zingwe, polumikiza ponse panayasama. M'mawa mwace anamfedwa anakongola ndalama, nakagula bokosi ku boma, nalipiranso galimoto yonyamula; ndipo adzukulu anadikira kumanda kufikira dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Munthu amene anasonkha ku Bungwe zaka zambiri osaphonya sanathandizidwe tsiku limodzi lokhalo limene anafuna thandizo. Siticula dzina la munthu ali yense, pakuti mlanduwu ndi wa ife tonse.

Tsono onani apa, Mafumu ndi abale. Puleni, sowo ndi nyundo sizitaika msanga, cifukwa dzanja la mmisiri lizifuna m'mawa uli wonse, ndipo zikasowa adziwa dzuwa lisanakwere. Koma cipangizo cimene cigwira nchito kawiri kapena katatu pa caka cikhoza kusowa miyezi isanu popanda wodziwa; ndipo kusowa kwace kudziwika pa tsiku la cangu lomwelo, pamene palibe nthawi yofunafuna. Cifukwa cace cimene cigwira nchito kamodzi kamodzi ndico cifuna kusungidwa bwino koposa zonse. Mau athu onse a lero atsamira pamenepa.

2. ZIPANGIZO ZIMENE TIRIKUNENA

Kuti amene si amisiri atsate bwino, ticule zipangizozo. Coyamba ndico zopanira zazitali zimene tanena kale, zomangira zitseko, magome ndi mabokosi. Caciwiri ndico ngowe ya citsulo yogwirira thabwa: mwendo wace ulowa m'ciboo ca pa benci, ndipo ukaimenya pamutu ndi nyundo igwira thabwa zolimba, ukaimenya kumbuyo imasuka. Cacitatu ndico zikhomo zolowa m'ziboo za benci, zimene thabwa litsamira popala. Palinso kabokosi kodulira ngondya za mafelemu, thabwa loongolera nsonga za matabwa ndi puleni, mapuleni ang'ono odulira mizere ndi zokometsera za m'mphepete, zitsanzo za miyendo ya mipando, cokhotetsera mano a sowo, ndi vaisi wamng'ono wa zitsulo amene amangidwa pa benci tsiku lonola lokha.

Zina mwa izi zioneka ngati zidutswa zacabe za mtengo, ndipo mwana wotumidwa kukatola nkhuni akhoza kuzisonkheza pamoto osadziwa kuti walakwa. Koma si zacabe ai. Ngowe ija ioneka pa cithunzi ca pa khoma cimene cinapezeka mu mzinda wa Herculaneum ku Italy, mzinda umene phiri la Vesuvius linaukwirira m'caka ca 79. Ndipo mmisiri wa ku Paris, André-Jacob Roubo, anaijambula pamodzi ndi benci lace m'mabuku amene anatulutsa pakati pa 1769 ndi 1775. Cinthu cimene amisiri acisunga zaka zocuruka cotere ciyenera kuti ciri ndi nchito.

Ku dziko lathu benci ndi zipangizo zace zinafika pamodzi ndi mishoni, ku Blantyre kuyambira 1876, ndi ku Livingstonia, kumene sukulu yaikulu ya pa Khondowe inayamba m'caka ca 1894. Koma nzeru ya kusunga inalipo kale. Makolo athu osema mitondo, ng'oma ndi mabwato anali kupisa sompho patsindwi, pamene utsi uteteza mpini kuti usafumbwe. Ndipo mai ali yense adziwa kuti mbeu, imene ifunika kamodzi kokha pa caka, siikidwa pamodzi ndi cimanga cakudya. Imangidwa payokha, nipacikidwa pamwamba pa moto, ndipo mwana saikhudza ngakhale njala ibvute. Tipempha kuti zipangizo izi tiziyese mbeu ya nyumba ya nchito.

Tisaiwalenso za mtengo wace. Zitsulo izi zambiri zicokera kunja kwa dziko, ndipo ndalama yathu ya Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Mei 2022, nitsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Cimene atate athu anagula ndi zosonkha za caka cimodzi, ife sitingacibwezere msanga. Ngakhale ndalama ikapezeka, si ciri conse ca m'sitoro cimene cikwana pa benci lathu. Ziboo za mabenci ena ziri za magawo atatu a magawo anai a inci, ndiwo mamilimita 19, ndipo za ena ziri za mamilimita 20. Cikhomo ca 20 sicilowa m'ciboo ca 19, ndipo ca 19 cigwedera m'ciboo ca 20.

3. ADANI A ZIPANGIZO

Amisiri anatiuza kuti adani alipo anai.

Woyamba ndiye dzimbiri. Odziwa za zitsulo anena kuti cinyezi ca mumpweya cikapitirira 60 pa 100, dzimbiri liyamba kufulumira. Ndipo kuno kwathu, kuyambira Novembala kufikira Epulo, mpweya ukhala wonyowa masiku ambiri, ndi kumapiri a kummwera ciperoni cionjezapo m'miyezi yozizira. Citsulo cimene cigwidwa tsiku ndi tsiku cipukutika cokha ndi nchito, koma cogona pansi cidyeka mwakacetecete. Pansi pa simenti ndi pansi pozira pomwe patulutsa cinyezi. Malata acita thukuta mbandakuca, nadontheza pa zimene ziri pansi pace. Utuci woiwalika ugwira madzi monga cinkhupule. Ndipo feteleza, mcere, ndi madzi a m'batire ya galimoto ndiwo abale eni eni a dzimbiri. Thumba limodzi la feteleza likhoza kuononga zitsulo za m'cipinda conse.

Waciwiri ndiye ciswe, pamodzi ndi tizirombo tofumbwa mitengo. Kabokosi kodulira ngondya kakatsamira khoma la dothi mwezi umodzi, kunja kaoneka kabwino, koma ukakanyamula katsala cikungwa cokha.

Wacitatu ndiye kupindika. Thabwa loongolera liri ndi nchito pokhapo likakhala loongoka lokha. Likagona pansi, mbali imodzi imwa cinyezi pamene inzace iuma, ndipo likhota; likaikidwa pafupi ndi malata, kutentha kulikhotetsanso. Pamenepo mmisiri adula ngondya zace molitsata, nadabwa kuti felemu silikumana. Cipangizo coyesera cikanama ciononga nchito koposa cosowa, cifukwa munthu acikhulupirira.

Wacinai ndiye dzanja la wobwereka. Koma ameneyu tidzamnena payekha.

4. CIPANGIZO CIRI CONSE CIKHALE NDI KWAO

Amisiri atilangiza kugawa zipangizo patatu, monga mwa kagwiridwe ka nchito yace. Za tsiku ndi tsiku zikhale pamene dzanja lifika munthu osacoka pa benci. Za mwezi ndi mwezi zipacikidwe pa khoma, pamene maso aziona. Za kamodzi kamodzi, makamaka zazing'ono ndi zakuthwa, zitsekeredwe m'bokosi. Pamwamba pa benci pakhale poyera dzuwa likamalowa, pakuti benci ndilo munda wa mmisiri, ndipo munthu sasunga katundu pakati pa mizere imene adzalima mawa.

Za khoma. Tikhome thabwa lalikulu pa khoma la m'kati limene mvula silimenya, ndipo kumbuyo kwace tiike timitanda kuti pakhale mpata wa zala ziwiri pakati pa thabwa ndi njerwa. Mpatawo upitira mphepo, ndipo njira ya ciswe ioneka msanga. Cipangizo ciri conse cikhale ndi cikhomo cace. Ndipo citapacikidwa, tijambule mthunzi wace pa thabwapo ndi utoto, ndi kulemba nambala yace pa mthunzi ndi pa cipangizo comwe. Ubwino wace ndi uwu: mthunzi wopanda mwini wace ufuula wokha. Ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga, akalowa pakhomo adzati, Apa pasowa kanthu. Tikadakhala ndi thabwa lotere, zopanira ziwiri zija zikadafunsidwa sabata lomwelo zinacoka.

Zopanira zazitali ziimirire pa mtanda wokhala ndi mipata, ciri conse mu mpata wace, mitu m'mwamba, ndi miyendo yosakhudza pansi. Kacitsulo kotsekera pa ciboo kamangidwe ku copanira cace ndi kaunyolo kapena waya, pakuti ndiko kayamba kutaika. Sikuluu abwezedwe m'mbuyo, asasiyidwe wofinya. Zolemera zonse zikhale m'munsi mwa ciuno ca munthu. Tisaike zitsulo pa mitanda ya denga, pamene zikhoza kugwera mwana pamutu, ndipo pamene malata adontha.

Zipangizo za mtengo, ndizo thabwa loongolera, kabokosi ka ngondya ndi zitsanzo, ziboolewe kunsonga ndi kupacikidwa cilendewero, kuti mphepo izifike mbali zonse mofanana. Pa ciri conse palembedwe nchito yace ndi zilembo zazikulu, monga MWENDO WA KUMBUYO WA MPANDO WA SUKULU, kuti wobwera m'mbuyo mwathu asaciyese nkhuni. Ndipo mmisiri asanacigwiritse nchito, ayambe waciyesa ndi sikweya.

Za pansi pa benci. Ambiri akonda kukhoma madirowa pansi pa benci kufikira kudzaza malo onse. Amisiri acenjeza kuti mwendo wa ngowe upyola thabwa la benci ndi kutulukira pansi. Ukagunda dirowa, ngowe sigwira. Ndiponso utuci ugwera m'ziboo ndi kudzaza dirowa la pamwamba. Cotero pansi pa benci pakhale alumali limodzi lokha, la m'munsi, lokwezeka pang'ono kucokera pansi kuti tsace lipite. Zikhomo zikhale m'ziboo zobooledwa pa mwendo wa benci lomwelo, popeza ndizo za benci limenelo, zosakwana pa lina.

Za bokosi. Pano tinene za munthu wa kutali, cifukwa citsanzo cace ciphunzitsa. Ku Chatham, m'dziko la England, kunali mnyamata dzina lace Benjamin Seaton. M'caka ca 1796 atate wace anamgulira zipangizo za ukalipentala kwa Christopher Gabriel wa ku London, ndipo m'caka ca 1797 mnyamatayo anazipangira bokosi, lokhala ndi madirowa ndi zipinda, ciri conse pa malo pace. Analembanso mndandanda wa zipangizozo ndi mitengo yace. Zipangizo zimenezo, pafupi 200, sizinagwire nchito kweni kweni; zinangokhala m'bokosi. England ndi dziko la cinyezi. Komabe patapita zaka zoposa 200 bokosilo ndi zipangizo zace pafupi zonse zinali zikali zamphumphu, zosungidwa ku Guildhall Museum mumzinda wa Rochester, ndipo amisiri a maiko ena aphunzira kwa izo mapangidwe a zipangizo za nthawi ija. Cinazisunga si mankhwala odabwitsa ai, koma zinthu ziwiri zimene ifenso tikhoza: bokosi lotseka bwino, ndi mndandanda wolembedwa.

Bokosi lathu likhale ndi cibvundikiro cokhala ndi mlomo wophimba m'mbali, kuti pfumbi ndi mpweya wonyowa zisalowe; likhale pa timitanda tiwiri, lisagone pa simenti. Mapuleni a mizere aimirire m'menemo cotsamirana, ndipo kamtengo kopanira mpeni kamasulidwe pang'ono, cifukwa mtengo utupa m'dzinja, ndipo kothina kakhoza kung'amba puleni. Mpeni uli wonse ndi kamtengo kace zikhale mwa puleni wace, pakuti anazisema kuti zikwane mwa iye yekha. Matupa akulungidwe liri lonse pa lokha, kuti mano asadyane. Mwala wonolera ukhale m'kabokosi kace kotseka, cifukwa pfumbi liupha, ndipo ukagwa usweka. Mndandanda wa zonse umatidwe m'kati mwa cibvundikiro.

Akale anakonda mkungudza pa mabokosi otere, cifukwa ciswe ndi tizirombo siziukonda. Koma mtengowo wadulidwa kufikira kutha, kotero kuti m'caka ca 2017 owerenga anapeza mitengo yaikulu 7 yokha pa phiri lonse la Mulanje. Tisaufune. Zidutswa za paini zimene ziri mulu kuseri kwa nyumba yathu zikwana pa bokosi ndi pa thabwa la khoma lomwe.

Za kudzoza. Citsulo cisanapite kukagona, cipalidwe guluu wouma, cipukutidwe, ndi kudzozedwa pang'ono ndi oyilo woyera, monga wa makina osokera. Pa masikuluu paikidwe girisi. Mafuta ophikira sayenera, cifukwa auma ngati ulimbo. Oyilo wakuda wocoka m'galimoto adetsa matabwa, ndipo pamene wakhudza guluu ndi vanishi sizigwira. Msana wa copanira upakidwe phula la njuci kapena kandulo, ndipo guluu sadzamatirira. Koma ngowe iri ndi lamulo lace: igwira cifukwa mwendo wace ukakamira m'ciboo, ndipo mwendo wa mafuta uterereka. Cotero ikadzozedwa posunga, ipukutidwe bwino bwino ndi parafini isanalowe m'benci. Cenjezo linanso: nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amene ena apaka pa matabwa, zikaunjikidwa pamodzi zimatentha ndi kuyaka zokha. Ziyanikidwe panja imodzi imodzi, zisalowe m'bokosi.

Za zopanira ziwiri zadzimbiri zija, tiri ndi mau okondweretsa. Anyamata anaziviika m'parafini masiku atatu, nazikwecesa ndi burashi ya waya, ndipo masikuluu ayambanso kuyenda. Zimene zinalephera usiku wa maliro zikadakonzeka ndi botolo limodzi la parafini, wina akadaziona mwezi umodzi m'mbuyo.

5. ZA KUBWEREKA

Tsopano tifika pamene tifuna Mafumu koposa. Thabwa la khoma ndi bokosi zikhoza kuletsa dzimbiri ndi ciswe, koma sizingaletse munthu woima pakhomo ndi kunena, Ndibwerekeniko, ndibweza mawa.

Sitinena kuti tileke kubwerekana, pakuti ndiwo mkhalidwe wathu, ndipo nyumba ya nchito inamangidwa kuti ithandize anthu. Koma akulu anati, Khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Wobwereka sadziwa kuti copanira cinapangidwira kufinya maora owerengeka m'nyumba. Iye aona citsulo colimba, nacisiya pa ngolo miyezi itatu pa mvula.

Ena anena kuti mmisiri ndiye wolakwa, cifukwa anapereka. Koma tiyeni tinene zoona. Mmisiri wathu ndi mkamwini m'mudzi umene akhala. Munda alima ndi wa kucikazi, ndipo nyumba yace iri pa malo a eni mbumba. Nanga akafika mlamu wace wamkulu, kapena mthenga wa apongozi ace, kudzabwereka, iye akane ndi pakamwa pati? Ena mwa ife tikhala pa cikamwini comweco, ndipo tidziwa kulemera kwace. Tikamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, tanena zoona, koma sitinamthandize. Comthandiza ndico lamulo limene likana m'malo mwace, kuti akhoze kuyankha mwaulemu, Pepani, si ine, ndi Mafumu ndi Bungwe anamanga cotero.

Cifukwa cace tiganiza motere. Zopanira zazitali, ngowe, zikhomo, ndi za m'bokosi zisaturuke pakhomo konse. Amene ali ndi citseko cofuna kumanga abwere naco, amangire pa benci la Bungwe. Zina zotsala zikhoza kubwerekedwa masiku 7. Wobwereka alembedwe m'buku, dzina, mudzi ndi tsiku. Ndipo dzina lomwelo lilembedwe pa kathabwa, kapacikidwe pa cikhomo cimene cipangizo cacoka, kuti onse olowa aone kumene ciri. Masiku akapitirira, Mlembi alembe kalata kwa Nyakwawa ya mudziwo. Ikalephera Nyakwawa, nkhani ipite ku bwalo la Mfumu.

Ndipo ndi ulemu wonse tipempha cinthu cimodzi cobvuta kunena. Lamuloli ligwire ngakhale mthenga wocokera kwa Mfumu, ngakhale Wapampando, ngakhale ife alembi. Pakuti anthu akaona dzina la Mfumu litapacikidwa pa cikhomo monga la munthu wamba, palibe wina adzanyada kuti iye salembedwa. Koma tsiku limene mmodzi adzatenga popanda kulemba cifukwa ca ukulu wace, tsiku lomwelo buku lafa.

6. MFUNDO ZIMENE TIIKA PAMASO PA MSONKHANO

(a) Kuti feteleza, mcere, cimanga ndi katundu ali yense wosungitsa acotsedwe m'nyumba ya nchito mwezi uno usanathe, ndipo asalowemonso.

(b) Kuti mmisiri ndi anyamata ace apatsidwe masiku 3 osagwira nchito yina, apange thabwa la khoma, mtanda wa zopanira, ndi bokosi. Bungwe ligule utoto, loko, oyilo ndi girisi zokha.

(c) Kuti pakhale wosunga mmodzi, wokhala ndi mfungulo, amene ayankha za zipangizo zonse. Mfungulo yaciwiri ikhale kwa Msungi wa Cuma, kuti pakagwa zadzidzidzi usiku bokosi litseguke.

(d) Kuti zipangizo zonse ziwerengedwe ndi kudzozedwa kawiri pa caka, mu Okotobala mvula isanagwe, ndi mu Mei itatha, pamaso pa abale awiri osankhidwa ndi msonkhano. Ndipo pa tsikulo ciri conse ciyesedwe ngati cikugwira nchito, osangociona ndi maso.

(e) Kuti lamulo la kubwereka likhale monga tanena, ndipo Mafumu alilengeze m'midzi yao.

(f) Kuti amene ali naco cipangizo ca Bungwe kunyumba kwace, ngakhale anacitenga kale lomwe, acibweze mwezi uno popanda mlandu ndi popanda kufunsidwa. Akhoza kucisiya pakhonde usiku ngati acita manyazi.

(g) Kuti akulu awiri atumidwe kukapepesa kwa mbale wathu wofedwa uja m'dzina la Bungwe, ndipo msonkhano uganizire za kumthandiza pa ngongole imene anakongola cifukwa ca kulephera kwathu.

Wapampando, mfundo izi sizifuna cilolezo ca boma, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Ziri m'manja mwathu. Maliro adzagwanso, pakuti ndiyo njira ya ife tonse; madesiki a sukulu adzafunika, ndi citseko ca bwalo la milandu cidzafuna kumangidwa. Tipempha kuti pa tsiku limenelo mmisiri akatambasula dzanja lace, ngakhale mumdima, apeze cipangizo pamene anacisiya.

Ngati tatalikitsa, mutikhululukire. Tabweza mau kwa Wapampando ndi kwa Mafumu, eni ace a nkhani. 

MLEMBI WA BUNGWE.